Musanagule kabokosi ka CDI: mafunso ndi mayankho pa za moto wa njinga yakale

Njinga zamoto zakale sizifa msanga. Honda CG125, imene inatuluka mu 1975, anaipanga dala kuti izipirira kumaiko kumene misewu ili yafumbi ndipo oyilo amachedwa kusinthidwa. Yamaha DT ndi AG, zimene alangizi a zaulimi ndi azaumoyo akhala akuyendera m'midzi, nazo n'zolimba chimodzimodzi. Chimene chimayamba kutopa pa njinga zotere kawirikawiri si pisitoni, ndi magetsi. Mwini wake akalema nako kukankha m'mawa uliwonse, anzake amamuuza kuti, "Ingoikani CDI, mavuto atha." Malangizowo ndi oona theka lokha, ndipo theka linalo ndi limene limawonongetsa anthu ndalama.

Njinga yanga imalira mochita kukankha. Kodi ndiye kuti mapointi atha?

Mwina atha, koma musagule kanthu musanauone motowo ndi maso. Masulani pulagi, ibwezereni m'chipewa chake, muigoneke pa chitsulo cha injini motalikirako ndi bowo limene mwaichotsamo, kenaka pondani kiki. Moto wabwino ndi wabuluu, wonenepa, ndipo umamveka kuthetheka. Ukakhala wofiirira, wowonda, wobwera apo ndi apo, vuto lili ku magetsi. Ukakhala wabwino koma njinga n'kumakanabe, katsukeni kabuleta ndipo muone mpata wa mavavu, pakuti CDI siingatsegule jeti yotsekeka ndi zinyalala. Pulagi ili m'manja choncho, yezaninso mpata wa kukamwa kwake. Pa njinga zing'onozing'ono zambiri za ku Japan umakhala mamilimita 0.6 mpaka 0.7.

Mapointiwo ntchito yake n'chiyani, ndipo amatha chifukwa chiyani?

Mapointi ndi swichi basi, timilomo tiwiri tachitsulo timene timatseka ndi kutsegula injini ikamazungulira. Njinga zina zimatenga magetsi ake ku batire, zina ku magineto ya m'kati mwa flywheel, koma konseko moto umabadwa pa nthawi imene timilomoti tikutseguka. Kamu ikatikankha, kayendedwe ka magetsi kamasintha mwadzidzidzi, ndipo koyilo imatulutsa mavoliti oposa 10,000 amene amalumpha pa pulagi n'kuyatsa petulo. Pambali pake pamakhala kondensa, kachitini kakang'ono kamene kamameza moto umene ukanathetheka pa timilomo tija. Njira ya batire, koyilo ndi mapointi ndi yakale kwambiri. Anaikonza ndi Charles Kettering wa ku America, ndipo inali kale m'galimoto za Cadillac mu 1910.

Tsono taganizani. Injini ikamazungulira ka 6,000 pa mineti, mapointi a m'kati mwa flywheel amatseguka ka 100 pa sekondi iliyonse. Kachidendene kamene kamakhudza kamu kamadyeka pang'onopang'ono. Kakadyeka, mpata wa mapointi, umene uyenera kukhala mamilimita 0.3 mpaka 0.4, umachepa, ndipo moto umayamba kubwera mochedwa. Njinga imafooka pachitunda, injini imatentha, petulo sachedwa kutha. Mukatsegula chivindikiro n'kuunikamo ndi tochi, mudzaona mlomo umodzi utakumbika kadzenje, winawo utamera kachotupa. Milomoyo ikakhala yakuda ngati yopserera, ndiye kuti kondensa yafooka kapena oyilo akudontherapo. Kondensa yofooka imadziwika ndi khalidwe lake: m'mawa njinga imalira bwinobwino, ikatentha imayamba kutsokomola ndi kuphulitsa, mukaipumitsa pamthunzi imakhalanso ngati palibe chachitika.

Zonsezi zimakonzeka ndi kafayilo, kachitsulo koyezera mpata ndi kadontho ka girizi pa kamu. Munthu amene sadandaula kutsegula pafupipafupi atha kuyenda ndi mapointi zaka zambiri, ndipo ine sindinganyoze wotero. Chimene chikusinthitsa anthu maganizo n'chakuti mapointi ndi makondensa olimba akunka nasowa m'mashopu.

Nanga CDI ikusiyana pati?

M'kabokosi ka CDI mulibe chimene chimayenda. Muli capacitor imene imadzazidwa mavoliti mazana angapo, ndi swichi ya magetsi yotchedwa thyristor. Pafupi ndi flywheel pamakhala kakoyilo kakang'ono kotchedwa pickup. Kachitsulo kotumphuka pa flywheel kakadutsa pamenepo, pickup imatumiza chizindikiro, thyristor imatsegula njira, ndipo magetsi onse a mu capacitor amakhuthukira m'koyilo nthawi imodzi. Palibe zokhudzana, ndiye palibenso chodyeka. Tayimingi imene mwaika lero mudzaipeza pomwepo chaka chamawa.

Kawasaki H1 ya mu 1969 inali m'gulu la njinga zoyamba kugulitsidwa zili ndi CDI, ndipo m'zaka za m'ma 1980 njinga zing'onozing'ono zambiri za ku Japan zinasiya mapointi. Njinga za kabaza zimene zadzaza m'misewu lerozi, zambiri mwa izo zotengera injini ya CG, zimabwera ndi CDI kale. N'chifukwa chake timabokositi tili mbwee m'mashopu a masipeya ku Limbe, ku Ndirande ndi ku Malangalanga.

Ndiye njinga izithamanga kwambiri?

Ayi. CDI imangobweza mphamvu imene inatayika chifukwa cha tayimingi yosokonekera. Injini ya 125cc ikhalabe ya 125cc. Timabokosi tolembedwa "Racing" tina timangochotsa malire a kuzungulira kwa injini, tina timafulumiza moto mopyola muyeso, ndipo pa injini ya zaka 30 zonse ziwirizi n'zowononga. Phindu lenileni ndi kulira ndi kiki imodzi m'mawa wozizira wa mu June, ndi kuyenda ulendo wonse osatsokomola.

Kodi kabokosi kalikonse kamene kalowa pa mawaya anga kagwira ntchito?

Apa ndi pamene ambiri amaluza. CDI ilipo ya mitundu iwiri, ya AC ndi ya DC, ndipo kunja zimafanana moti ngakhale cholumikizira chake nthawi zina chimalowa bwinobwino pa mawaya olakwika. Ya AC imadya magetsi ochokera ku koyilo yakeyake ya mu magineto, choncho njinga imalira ngakhale batire mulibe. Ya DC imadya ku batire n'kukweza yokha mavoliti 12 aja. Moto wake ndi wamphamvu ngakhale injini ikuzungulira pang'onopang'ono, koma batire ikafa ndipo kuchaja kukasiya, ulendo wathera pomwepo. Mukaika ya DC pa mawaya a AC, moto wa magineto utha kuipsereza nthawi yomweyo. Mukaika ya AC pa mawaya a DC, njinga imangoti zii.

Kuti mudziwe mtundu wa mawaya anu, tengani mita yoyezera magetsi. Tsegulani kiyi injini isakulira, muyeze waya wodyetsa kabokosi. Mukapeza mavoliti 12, ndi DC. Mukapanda kupeza kanthu, koma singano n'kulumpha mukaponda kiki mita ili pa AC, ndiye kuti ndi AC. Kuzimitsa kwakenso n'kosiyana. Pa DC kiyi amadula magetsi, pamene pa AC kiyi amagunditsa waya wina ku earth. Pa Honda waya ameneyu ndi wakuda wa mzere woyera. Mukamaliza kumanga n'kupeza moto palibe, yambani mwazula waya ameneyu n'kuyesanso, chifukwa kawirikawiri swichi ya kiyi ndiyo imakhala ikumwa motowo.

Palinso china. Injini ya four-stroke imafuna moto uzifulumira liwiro likamakwera. Ya two-stroke, monga DT kapena AG100, siifuna zimenezo. Imafuna moto wokhazikika, kapena wobwerera m'mbuyo pang'ono ikafika pa liwiro lalikulu. Mukatenga kabokosi ka njinga ya kabaza n'kuika pa DT, itha kulira ndithu n'kukusangalatsani masiku angapo, kenaka n'kuboola pisitoni pakati.

Mukandifunsa ine, munthu wokhala kutali ndi tauni, kumene batire yatsopano n'kuchita kukwerera minibasi, asankhe ya AC.

Kupatula kabokosiko, n'chiyaninso chimene chisinthe?

Zambiri kuposa zimene wogulitsa angakuuzeni. Njinga ya mapointi ilibe pickup, ndipo flywheel yake ilibe kachitsulo kotumphuka kaja. Ndiye pafunika flywheel ina, mbale ya makoyilo ya mu magineto, pickup, kabokosi, ndi koyilo ya pulagi yogwirizana nako. Koyilo ya mapointi a batire ya mavoliti 12 imawerenga ma ohm 3 mpaka 5 ku mbali yolowera magetsi, pamene ya CDI siifika ndi ohm imodzi yomwe. Mukazisinthanitsa, moto umafooka kapena koyilo imapsa. Chipewa cha pulagi chikhale cha ma ohm 5,000, chifukwa chimaletsa phokoso la magetsi limene limasokoneza kabokosi.

Musanalipire, tengani flywheel yakaleyo mukayerekeze. Bowo lake losongoka liyenera kukhala ndendende pa shafuti, ndipo mpata wa kakiyi kooneka ngati mwezi wa theka uyenera kukhala pamalo amodzimodzi poyerekeza ndi kachitsulo kodzutsa pickup. Ma flywheel awiri atha kufanana kukula koma n'kusiyana madigiri ambiri pamenepa. Onaninso ngati chivindikiro cha injini chili ndi malo a pickup. Pochotsa flywheel gwiritsani ntchito chokokera chake. Hamala imafooketsa maginito ndipo imapinda shafuti.

Njinga zambiri za four-stroke za mapointi zili ndi timiyala tiwiri tachitsulo ta masipuling'i timene timatambasuka liwiro likakwera n'kufulumiza moto. Ngati kabokosi katsopano kamafulumiza moto kokha, timiyalati tichoke kapena timangidwe. Zonse zikagwira ntchito pamodzi, moto umafulumira kawiri. Eni njinga za ku Ulaya monga BSA, Triumph, Jawa ndi MZ ali ndi mwayi woti makampani monga Boyer Bransden ya ku Britain ndi Vape ya ku Czech Republic amagulitsa zipangizo zonse pamodzi, zoyezeredwa kale mtundu wa njingayo.

Ena amati ndiyambe ndakonza mawaya. Bwanji, poti magetsi akuyaka?

Chifukwa kuika CDI pa mawaya ovunda kuli ngati kukhoma malata atsopano pa mitengo yodyedwa ndi chiswe. Mapointi amapirira magetsi ofooka, koma kabokosi sikapirira. Kakasowa earth yabwino kamadukiza kapena kufa kumene, ndipo mwini wake amathamangira kukagula kena, nakonso n'kufa imfa yomweyo.

Sendani waya mmodzi pafupi ndi cholumikizira muone. Kopa wamoyo amawala. Wa zaka 30 mudzamupeza wakuda bii kapena wobiriwira, tingusi take tikuthothoka mukatipinda, ndipo chikopa chake chauma n'kung'aluka. Waya wotere amayatsabe babu, koma amadya mavoliti panjira. Kuyeza kwake n'kosavuta ngati getsi la kutsogolo limadya ku batire. Ikani chingwe chimodzi cha mita pa + ya batire, china pa waya wolowa ku babu ya kutsogolo, getsi lili chiyakire. Chimene mita iwerenge ndi magetsi amene akutayikira m'mawaya ndi m'maswichi. Chikapyola theka la voliti, fufuzani cholumikizira chimodzichimodzi mpaka mupeze pamene pakudyeka. Kawirikawiri ndi m'swichi ya kiyi kapena pa timano ta fyuzi.

Malo atatu ndiwo amavuta kwambiri. Oyamba ndi pakhosi pa njinga, pamene mtolo wa mawaya umapindika nthawi iliyonse mwakhota. Waya amadukira m'kati chikopa chili bwinobwino. Lizani injini, mutembenuze mahandulo uku ndi uku. Ikazima kapena getsi likachita phethiphethi, mwapeza. Achiwiri ndi earth. Njinga zambiri zakale zimabweza magetsi kudzera mu fulemu, ndipo a kutsogolo amadutsa m'mabering'i a pakhosi, odzaza girizi ndi fumbi. Kokani waya wapadera kuchokera ku batire kupita ku injini, ku fulemu ndi m'chigoba cha getsi la kutsogolo. Pamene mukumanga bawuti palani penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiti mbee, mumange, kenaka mupakepo girizi pamwamba. Achitatu ndi pansi pa mpando. Njinga zathu zimagona m'nyumba kuopa akuba, nthawi zambiri pafupi ndi matumba a chimanga, ndipo makoswe sasiyanitsa chimanga ndi chikopa cha waya.

Mitundu ya mawaya ndi imodzimodzi pa njinga zonse?

Ayi, ndipo kulakwitsa apa kumayatsa moto weniweni. Pa Honda, wobiriwira ndiye earth, wofiira amachokera ku batire, ndipo wakuda ndi wamoyo kiyi akatsegulidwa. Pa Yamaha wakuda ndiye earth, wamoyo wa pa kiyi ndi wabulauni. Pa Suzuki earth ndi wakuda wa mzere woyera, pa Kawasaki ndi wakuda wa mzere wachikasu. Makaniko wozolowera Yamaha akagunditsa waya wakuda wa Honda ku fulemu wapanga shoti. Komanso njinga zambiri za ku Britain, mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, zinkamangirira + ya batire ku fulemu, mosiyana ndi za ku Japan. Pa njinga imene yadutsa m'manja ambiri musakhulupirire mtundu wa waya. Mulondoleni ndi mita kuyambira kumene wachokera.

Ndingalukenso mawaya ndekha? Ndili ndi waya wotsala pomwe tinkaika magetsi m'nyumba.

Kuluka mungathe, koma waya wa m'nyumbayo ayi. Ndi wouma, wa kopa mmodzi kapena wa tingusi tonenepa towerengeka, ndipo kunjenjemera kwa injini kumamuthyola. Gulani waya wa galimoto wa tingusi tambirimbiri. Wa 1 mm² amakwanira mababu, maindiketa ndi kabokosi, ndipo wa 2 mm² kapena kuposa apite ku batire, ku kiyi ndi ku earth.

Yambani ndi kujambula mawaya akalewo ndi foni mbali zonse, mulembenso chithunzi chake papepala. Chotsani batire, kuyambira waya wa ku fulemu. Kenaka sinthani waya mmodzi, mumalize, musanagwire wina. Amene amadula mtolo wonse tsiku limodzi ndi amene njinga zawo zimatha miyezi zili pa galaja. Polumikiza, musapotokoze ndi zala n'kukulunga tepi, chifukwa guluu wa tepi amasungunuka ndi dzuwa la mu October ndipo madzi a mvula amalowa. Finyani zolumikizira ndi pulayasi yake, muvekepo kachubu kofota ndi moto. Mukamata ndi solder samalani, pakuti waya amauma pamene pathera solder ndipo amadukira pomwepo ngati sanamangidwe bwino. Waya wa pickup adutse kutali ndi waya wonenepa wa pulagi, ndipo pakhosi siyani mtolo wolendewera pang'ono kuti uzipinda momasuka.

Fyuzi ikhale pafupi penipeni ndi + ya batire, ya ma amp 10 kapena 15 malinga ndi buku la njinga yanu. Chonde, fyuzi ikapsa musaikepo kansomali kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Fyuzi imapsa kuti mawaya asapse, ndipo mawayawo amadutsa pansi pa thanki ya petulo, pakati pa miyendo yanu. Poyesa koyamba, ikani babu pamalo pa fyuzi maswichi onse ali otseka. Ikawala mwamphamvu, pali shoti penapake, ndipo mwaipeza osawotcha kanthu.

Njinga yanga ndi ya mavoliti 6. Ndisinthe ipite pa 12?

Masamu ake ndi awa. Babu ya mawati 35 imakoka pafupifupi ma amp 6 pa mavoliti 6, koma pafupifupi ma amp 3 okha pa mavoliti 12. Magetsi oyenda m'waya akachepa ndi theka, otayikira m'njira amachepa kanayi. Kuwonjezera apo, mababu, mabatire ndi mahutala a mavoliti 12 ali paliponse, pamene a 6 n'kuchita kufunafuna. Ngati mukusintha magineto kale chifukwa cha CDI, pitani pa 12 nthawi yomweyo. Pasinthe batire, regulator, mababu onse, kabokosi ka maindiketa ndi hutala. Pomaliza yezani: batire yodzaza iwerenge pafupifupi mavoliti 12.6 injini ili chete, ndipo 13.5 mpaka 14.5 mukakweza moto.

Koma ngati cholinga n'kungofuna getsi lowala, yambani mwakonza earth ndi maswichi. Njinga zambiri za mavoliti 6 zimaunika mwachizimezime chifukwa cha dzimbiri, osati chifukwa cha nambala 6. Dziwaninso kuti kusintha mavoliti sikukulitsa magineto. Mukapachika magetsi owonjezera, wailesi, alamu ndi chochajira foni pa magineto yaing'ono, batire izingotha. Mababu a LED amathandiza chifukwa amadya pang'ono, koma ambiri amafuna DC, ndipo pa waya wa AC wochokera ku magineto amaphethira kapena kupsa msanga.

Ndamanga zonse, njinga yalira. Ndamaliza?

Simunamalize mpaka mutaona tayimingi. Pa flywheel pali zilembo ziwiri. T ndi pamene pisitoni yafika pamwamba penipeni, F ndi pamene moto uyenera kuthetheka injini ikulira pang'onopang'ono. Bwerekani tochi ya tayimingi, ija imathwanima pamodzi ndi pulagi. Unikani pa kawindo: F ikhale moyang'anizana ndi kamzere ka pa injini, ndipo pa four-stroke mukakweza moto chizindikiro chisunthe mpaka pa timizere ta malire, osapyola. Flywheel ikakhala yochokera ku njinga ina, tsimikizani kaye kuti T yake ikugwirizanadi ndi pisitoni yanu. Kiki ikamabweza mwaukali kapena injini ikamalira ngati muli timiyala pokwera chitunda, moto wafulumira. Imani pomwepo mukonze.

Mapointi akalewo nditaye?

Musataye. Akulungeni m'kansalu ka oyilo pamodzi ndi flywheel ndi mbale yake, musunge. Mapointi amadwala pang'onopang'ono ndipo amachizika m'mbali mwa msewu. CDI imafa mosatsanzika ndipo siitsegulidwa. Zimene zimaipha n'zodziwika: kuwotcherera fulemu kabokosi kali kolumikizidwa, kuponda kiki pulagi isakukhudza chitsulo, kutembenuza mawaya a batire, kulizira njinga ku batire ya galimoto imene injini yake ikulira, ndi madzi a paipi yamphamvu ya kotsukira magalimoto. Kamangeni pa labala, kutali ndi kutentha kwa injini, cholumikizira chake chitaloza pansi kuti madzi asadikhemo.

Ngati mumayenda maulendo ataliatali a kumudzi, gulani kabokosi kachiwiri ka mtundu womwewo, mukayese pa njinga yanu muli pakhomo kuti muone kuti kakulira, kenaka mukasunge pansi pa mpando pamodzi ndi pulagi yatsopano ndi mafyuzi awiri.